Paipi Yachisanu ndi Chiwiri ya ku Chiweta

Kumayambiriro kwa m'ma 1980

Kalata yonditumiza ku Chiweta inandipeza nditangokwatira amayi anu, ndipo tonse awiri sitinkadziwa kuti Chiwetayo ili mbali iti. Ine mwana wa ku Ntcheu, kumpoto ndinkangokumva pa wailesi. Tinayenda masiku awiri pa basi, katundu wathu ali sutikesi imodzi, mphasa ndi mbaula. Basi itayamba kutsetsereka m'makhotamakhota a phiri la ku Chiweta, amayi anu anandigwira bondo n'kunena kuti ngati boma likufuna kutipha likanangotiphera kwathu konkuja. M'munsi mwa phirimo tinapeza kutentha kosati masewera, timasitolo tingapo, fungo la usipa ndi nyumba ya zipinda zitatu ya dipatimenti yathu yoona za miyala ndi nthaka. Chipinda chimodzi chinali ofesi, china chosungiramo zida, chachitatu ndicho anatipatsa ife.

Mkulu wa pamalopo anali a Harawa, kwawo ku Mhuju m'chigwa cha Henga. Anali mkulu wa mpingo, wamtali, wochepa thupi, ndipo ankavala tayi ngakhale mwezi wa Okutobala pamene abuluzi omwe amabisala. Sanandiitanepo dzina langa loyamba. Ndinali a Kampira, ndipo akafuna kundidzudzula ndinkasanduka adada. Ntchito imene anandipatsa inandinyansa kuyambira tsiku loyamba: kupita kumtsinje m'mawa uliwonse, kutunga madzi m'mabotolo, kuwasefa, kuumitsa matope otsalawo, kuwayeza pa sikelo n'kulemba m'buku. Patatha sabata ziwiri ndinawafunsa mwamwano ngati ndinapitira sukulu zaka zonsezo kuti ndizidzayeza matope. Iwo sanakwiye. Anandipatsa botolo la madzi a tsiku limenelo, ofiira chifukwa kumtunda kunagwa mvula.

"Likhutchumuleni, kenako muliike patebulopo, musaligwirenso," anatero. Titadikira kanthawi anandifunsa kuti ndikuona chiyani.

"Madzi akuda," ndinayankha.

"Yang'ananinso, adada. Pansi penipeni pali mchenga wokhakhala, pamwamba pake wosalala, pamwamba penipeni matope. Cholemera chimafika choyamba, chopepuka chimabwera pambuyo. Lamulo limeneli silinasinthepo chilengedwere dziko."

Kenako ananditulutsa panja n'kundilozera phiri limene linaopsa amayi anu lija. Anati phirilo likukwera pang'onopang'ono pamene pansi pa nyanja pakutsika, ndipo madzi otentha amene amatumphuka pansi pa Chiweta paja ndi chizindikiro chakuti nthaka ya kumeneko sinagone. Phiri likakwera, mitsinje imathamanga, imakumba mwaukali n'kutsitsa mchenga ndi timiyala. Likapuma, kumatsika matope osalala okha. "Pamwambapo simudzapeza umboni chifukwa unakokoloka kalekale," anatero. "Umboni uli pansi pa madzi, woyalana bwinobwino, wakale pansi, watsopano pamwamba. Botolo lanulo ndi mzere wa lero." Sindinganame kuti ndinayamba kuikonda ntchitoyo tsiku lomwelo, koma ndinasiya kuinyoza.

Zaka zimenezo tinkasowa pafupifupi chilichonse. Mapepala osefera ankatha, parafini wa uvuni ankatha, mabatire ankabwera atafa kale. Tinkaumitsa matope pa lata padzuwa, amayi anu akuthamangitsa nkhuku. Koma tsiku limene sitinayeze, a Harawa ankalemba m'bukumo kuti sitinayeze, basi. Kulikulu ankadana nazo zimenezi chifukwa malipoti athu ankakhala ndi mipata, pamene anzathu a kwina ankangodzaza manambala a m'mutu. Iwo ankati munthu salemba chimene sanaone. Chokhacho chimene ankabisa chinali maso awo. Ndinaona kuti buku akuliyandikitsa kumphuno, ndipo kuwerenga sikelo anayamba kundisiyira ine, amvekere n'cholinga choti ndiphunzire.

Kumapeto kwa m'ma 1980

Chaka china m'nyengo yozizira kunabwera mayi wina wophunzira za miyala wochokera kunja, ndi boti lobwereka. Dzina lake linkatipinda lilime, choncho tinkangomuti Madamu. Anali atagwirapo ntchito pa sitima za m'nyanja yamchere, ndipo anatifotokozera kuti m'mphepete mwa Africa muli magombe abata, opanda zivomezi, koma pansi pa madzi ake pali matope ochindikala kuposa kutalika kwa mapiri athu. Matope amenewo ndi mapiri ndi zitunda za kumtunda zimene zinakwera kale n'kuperesedwa ndi mvula, mitsinje ngati Zambezi n'kuzikokolera kunyanja. Ukaboola pansipo n'kuwerenga miyalo yake, umadziwa nthawi imene dziko linakwera ndi nthawi imene linapuma. Nyanja yathu anati ndi yaing'ono pobadwa, phiri lili pafupi, choncho zimene kunyanja yamchere zimavuta kulumikiza, kwathu zimaoneka pafupi. A Harawa anamufunsa ngati dothi la m'munda mwawo ku Henga limakafika kunyanja yamchereko. Madamu anaseka n'kunena kuti lawolo silipita patali, limagona pompo.

Ntchito yake inali yotere. Boti likafika pakati, ankatsitsa paipi yaitali yokhala ndi chitsulo cholemera, n'kukabaya pansi. Ikatuluka yodzaza matope, tinkaidula m'zidutswa zoti munthu n'kunyamula, ndipo chidutswa chilichonse tinkachitseka mbali zonse ziwiri: chitsekero chofiira kumwamba, chabuluu kunsi. Paipiyo siionekera mkati, ndiye ukasokoneza zitsekero palibenso chokuuza kuti kumwamba n'kuti mpaka akaing'ambe, ndipo wowerengayo amawerenga zaka chobwerera m'mbuyo osadziwa. N'chifukwa chake Madamu analamula kuti ine ndizidula, koma kutseka ndi kusaina m'buku ikhale ntchito ya a Harawa okha. Nthawi yomweyo kulikulu kunali kutatuluka mwayi woti mmodzi wa ife achinyamata akaphunzire kunja chaka chimodzi, ndipo a Harawa anali atapereka dzina langa. Kalata yondivomereza inali patebulo pawo, ikungodikira kuti asaine ntchito ya boti ikatha. Amayi anu anali ndi pakati pa iwe Tamanda, ndipo tinali anthu anayi m'chipinda chimodzi chija, ife ndi akulu ako awiri. Maphunziro amenewo ndinkawafuna ndi mtima wanga wonse.

Tsiku lomaliza, cha kumasana, mphepo ya mwera inayamba. Boti linkakwera n'kutsika, a Harawa anasanza kawiri, koma anapitirizabe kutseka mpaka chidutswa chachisanu ndi chimodzi. Apo miyendo inawakana, chizungulire chinawagwira, ndipo oyendetsa boti anawagoneka mkati. Madamu anali kumbuyo akulimbana ndi chingwe chimene chinakodwa. Chinatsala chidutswa chimodzi, chachisanu ndi chiwiri, matope akufuna kutayika, ndipo nditapisa dzanja m'ndowa ndinapeza kuti zitsekero zofiira zatha. Bokosi lina tinali titalisiya ku ofesi. Ndinatseka zabuluu mbali zonse ziwiri n'kudziuza kuti mbali imene ili kuphazi langa lamanzere ndiyo kumwamba. Ndisanapeze cholembera, funde linamenya boti, paipi inagubuduzika, inazungulira n'kukagunda kukhoma la uko. Ndinaitola, koma ndinali nditasokonezeka kale.

Titafika kumtunda ndinainyamula ndekha kupita nayo m'chipinda cha zida. Ndinatsegula mbali iyi, matope akuda. Ndinatsegula mbali inayo, matope akudanso. Ana anga, chimene chinkafunika apa chinali chiganizo chimodzi chokha: kumuuza Madamu kuti yachisanu ndi chiwiri sindikudziwa kumwamba kwake. Akanangolembapo chizindikiro chokayikira, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndinaganiza za kalata ili patebulo ija, ndinaganiza kuti ndagwira ntchito imene sindinaloledwe, n'kuilakwitsanso. Ndinatenga chitsekero chofiira m'bokosi, ndinasankha mbali imodzi ngati munthu wosankha dzungu pamsika, n'kuchikanikizirapo.

M'mawa mwake a Harawa anabwera atavala tayi yawo, nkhope itagwa, n'kuwerenga mapaipi aja powagwira imodzi imodzi.

"Mutu wanga dzulo sunali wanga, a Kampira," anatero. "Yachisanu ndi chimodzi ndikuikumbukira. Yachisanu ndi chiwiriyi ndikuiona ngati kumaloto. Kodi zonse zili makora?"

"Zonse zili bwino, bwana," ndinayankha.

Anasaina zonse zisanu ndi ziwiri, kenako anasainanso kalata yanga. Madamu anapakira mapaipi ake osatsegula n'kumapita.

Chaka chotsatira

Panapita miyezi khumi, iwe Tamanda unali utabadwa kale, ndipo ine ndinayamba kudzinamiza kuti mwina ndinasankha mbali yoyenera. Kutatsala sabata ziwiri kuti ndinyamuke, galimoto ya boma inaima pakhomo. Munatuluka bwana wa kulikulu, munthu wamfupi wa magalasi akuda, amene anali ndi mangawa akalekale ndi a Harawa chifukwa cha mipata ya m'malipoti ija. Anakana mpando. Anaponya patebulo kalata ya Madamu ndi chithunzi cha paipi yong'ambidwa pakati. Madamu analemba kuti anali atauza kale anzake kuti wapeza nthawi imene phiri la Chiweta linakwera mofulumira, koma atayeza zaka za matopewo anapeza akale ali pamwamba pa atsopano, ndipo anachita manyazi pamaso pa anthu. Sanatchule munthu, anangopempha kuti dipatimenti ifufuze.

A Harawa anatenga chithunzicho n'kuchiyandikitsa kumphuno, kenako kuchitalikitsa, kenako kupita nacho pawindo. Bwana uja ankangowayang'ana. Pamapeto pake anandipatsa ine.

"A Kampira, ndiuzeni. M'miyalomo, mchenga wokhakhala uli kunsi kwa matope kapena pamwamba?"

"Pamwamba," ndinatero.

"Ndiye yatembenuzikadi."

"Chithunzi chachikulu chonchi simukuchiona, a Harawa?" anafunsa bwanayo. "Nanga mtundu wa zitsekero munkauona bwanji pa boti? Anatseka paipi imeneyi ndani?"

"Dzina lili m'bukumo ndi langa," anayankha.

Bwanayo anatembenukira kwa ine. "Iwe unali pomwepo. Unaonapo chiyani?"

Funso limenelo ndalimva m'mutu mwanga zaka zoposa makumi atatu, ndipo yankho loyenera ndimalidziwa pamtima. Koma limene ndinapereka tsiku limenelo linali lakuti, "Ine ndinkadula, bwana." Silinali bodza, ndipo ndicho chimene chimandinyansa kwambiri, kuti ndinapeza mawu oona obisaliramo. Bwanayo analemba zake, anakwera galimoto, ndipo anati kalata ibwera.

Masana omwewo ndinawapeza amayi anu akuchapa kumtsinje ndipo ndinawauza zonse. Anasiya kuchapa, kenako anati, "Pitani mukanene." Ndisanasunthe anawonjezera kuti, "Koma mukakanena, ana awa tipita nawo kuti?" Ndinawafunsa kuti tsono akufuna ndichite chiti. Anati ndisawasenzetse katundu wanga, mutu ndi wanga. Mpaka kumwalira kwawo sitinaikambenso nkhaniyi, ndipo musawaweruze, chifukwa amene anagwira chitsekero chija ndi ine.

Kalata inabwera mofulumira kuposa mapepala osefera amene tinkapempha chaka chonse. Inati a Harawa apume pantchito nthawi yomweyo, kutatsala zaka ziwiri kuti nthawi yawo yopuma ikwane, chifukwa cha kusasamala pantchito ndi kubisa vuto la maso. Munthu amene anagwira ntchito zaka makumi atatu osalembapo nambala ya m'mutu anachoka ndi mawu akuti kusasamala. Panalibe mwambo wotsanzikana. Katundu wawo tinamukweza pa lole ya malasha yobwerera kumtunda. Asanakwere anandipatsa makiyi a ofesi ndi kagalasi kawo kokulitsira mchenga.

"Mukaphunzire chomene, a Kampira," anatero. "Mudzakonze zimene ine ndaononga."

Ndinathokoza kuti yewo, ndipo patatha masiku anayi ndinakwera ndege.

M'ma 1990

Za maphunziro ndi maudindo anga ndalemba kale m'mitu ina, ndipo sindibwereza. Nditabwerera anandiika kulikulu, kenako anandipatsa kuyang'anira chigawo chonse cha kumpoto, ofesi yanga ili pa boma la Rumphi. Ndinali bwana wovuta, ndipo ndikudziwa. Wantchito akabweretsa botolo lopanda tsiku kapena paipi yopanda muvi wolozera kumwamba, ndinkamubweza ngakhale atachokera ku Kazuni pa njinga. Ankandinena kumbali kuti ndine Chofiira Pamwamba, ndipo ankati ndinatengera a Harawa. Ndikamva zimenezo ndinkamwetulira ngati munthu woyamikiridwa.

Njira ya ku Henga ndinkaidutsa kawiri kapena katatu pamwezi. Nthawi zonse ndikayandikira pokhotera ku Mhuju ndinkapeza chifukwa: mafuta achepa, dalaivala watopa, ndilibe choti n'kuwatengera, ndipita mwezi wamawa. Paja pakadafunda padajiwitsa galu. Ndinkadziuzanso kuti mkuluyo mwina anaiwala, kuti kumudzi munthu sasamala za kalata za boma. Koma mlandu suola, ndipo wanga unkangokula pamene inu munkakula, mukuphunzira m'masukulu abwino chifukwa cha udindo umene ndinaupeza pamsana pa munthu wina.

Kumayambiriro kwa m'ma 2000

Ndinapita nditamva kwa m'busa wina kuti a Harawa sakuonanso ndipo thupi likutha. Aka kanali komaliza kuwaona, chifukwa anamwalira dzinja lotsatira. Ndinasiya dalaivala pamsewu n'kuyenda wapansi, nditanyamula shuga ndi sopo, mawu onse nditawakonza m'mutu kuyambira pa zitsekero mpaka pa funso la bwana uja. Inali nthawi yokolola, cha m'ma leveni koloko. Amene anandilandira ndi akazi awo, a Nyagondwe, amene anandizindikira ngakhale ndinali nditanenepa. Tisanafike pomwe panali amuna awo anandiimika kuseri kwa nkhokwe.

"Mwachita bwino kubwera, mwana wanga," anatero. "Adada anuwa chibwerereni ku Chiweta si aja munkawadziwa. Kutchalitchi anatula ukulu wa mpingo, maso akuonabe pang'ono. Anthu akakangana malire a minda n'kuwaitana kuti akachitire umboni, amakana. Amati munthu amene anatembenuza paipi n'kusainira sangakhale mboni ya chilichonse. Ngakhale mgonero amalandira mokayika. Ife paipiyo sitiidziwa n'komwe, koma yatidyera munthu."

A Harawa anali atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, akutonola chimanga m'lichero, malaya atamanga mabatani mpaka pakhosi. Nditapereka moni anatukula mutu.

"Mawu awa ndi a Kampira," anatero. "Monire, adada. Khalani pafupi ndikugwireni."

Anandifunsa za amayi anu, za inu mmodzi mmodzi ndi mayina anu, za mtsinje wa ku Chiweta ngati ukufiirabe. Ndinawauza kuti ukufiira kuposa kale chifukwa anthu alima mpaka m'matsetse. Anapukusa mutu n'kunena kuti odzawerenga matope a nthawi yathu adzaganiza kuti phiri linakweranso, chikhalirecho ndi makasu athu. Tinaseka pang'ono. A Nyagondwe anakhala pamphasa chapafupi, mwana wawo wamkazi anabwera ndi madzi akumwa n'kukhala nawo pomwepo. Ndinaona kuti ndikazengereza ndibwerera nawo mawu anga.

"Adada, ndabwera ndi nkhani ya paipi ija," ndinatero.

Anasiya kutonola. Anafufuza dzanja langa mpaka analipeza, n'kuligwira ndi manja awo onse awiri.

"Yewo chomene, mwandithandiza poyambira," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikupempha Mulungu kuti ndisafe ndisanalankhule nanu. Ine ndinkadziwa kuti maso anga akupita, a Kampira. Ndinabisa chifukwa cha kunyada, ndinkafuna anthu azinenabe kuti Harawa amawerenga matope. Ndinakwera boti lija ndikudziwa kuti chofiira ndi chabuluu zayamba kundisokonekera. Ndinakuphunzitsani kuti munthu salemba chimene sanaone, ine ndemwe n'kusainira paipi imene sindinkaikumbukira. Ndipo tsiku lija ndinakuimikani pamaso pa bwana, mwana wa eni, ulendo wanu uli pafupi. Akanafuna akanakuchotserani maphunziro chifukwa cha ine. Mukamadutsa pamsewupo osakhota ndinkamva, ndipo sindinakudandauleni, ndinkadziwa chifukwa chake."

"Adada, si choncho," ndinatero.

"Musandichepetsere, ndi choncho. Ndilibe masiku ambiri. Ndikhululukireni."

A Nyagondwe anali akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, mwana wawo akundiyang'ana mondidandaulira ndi maso kuti ndisawakanize bambo ake. Ndayesa kudziuza kuti ndinachita chifundo, kuti kuwauza zoona kukanakhala kuwauza kuti anadzizunza zaka khumi ndi zinayi pachabe. Koma pamene ndalonjeza kulemba zoona m'buku lino, ndinene kuti sichinali chifundo. Ndinachita mantha ndi nkhope za amayi awiri aja, monga ndinachitira mantha ndi magalasi akuda a bwana uja.

"Ndakukhululukirani, adada," ndinatero.

Anapuma mpweya wautali n'kutsamira kumpando. Kenako anatembenukira kumene kunali akazi awo, akumwetulira.

"Nyagondwe, wamva? Wandikhululukira. Uzani ana agwire tambala uja, mlendo uyu sachoka ndi njala."

Ndinati ndili ndi dalaivala kumsewu, anati naye amuitane. Anapemphera okha tisanadye, kuthokoza Mulungu chifukwa cha mtima wabwino wa a Kampira. A Nyagondwe anandiikira nthutumba ndi ntchafu zonse ziwiri, ndipo ine ndinadya.